Kalata ya msonkho imene ndinaibisa m'dirowa miyezi isanu

Kwa zaka 9 ndinali pa ntchito yolembedwa, yojambula mapulani a nyumba, ndipo nkhani ya msonkho kwa ine inali kamzere kamodzi pa peyisilipi. Mwezi ukatha ndinkayang'ana pamene alemba PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, n'kupukusa mutu, n'kupinda pepalalo. Abwana ankadula okha n'kukapereka ku boma, ine osagwirako. Anzanga akamakamba zodzaza tax return, fomu imene munthu amalembapo ndalama zonse zimene wapeza pa chaka ndi msonkho umene wapereka kale, ndinkati zimenezo n'za eni mabizinesi akuluakulu, osati ife odikira kutha kwa mwezi.

Nthawi imeneyo sikuti ndinkalakwitsa kwenikweni. M'mayiko ambiri munthu wa ntchito imodzi, wopanda ndalama zina zolowera pambali, amathana nazo pa peyisilipi pomwepo. Ku Britain, kumene PAYE inayamba mu 1944, olembedwa ntchito ambiri sadzaza fomu iliyonse. Ku United States n'kosiyana: ngakhale abwana akudule, ambiri amadzazabe chaka ndi chaka. Vuto langa linali lakuti kapezedwe kanga ka ndalama kanasintha, koma sindinafunse aliyense ngati tsopano ndikufunika kudzaza. Akuti safunsa anadya phula. Ine ndinalidya zaka zitatu.

Sukulu ina ya ntchito zamanja inanditenga kuti ndiziphunzitsa madzulo kawiri pa sabata, ndipo nawonso ankandipatsa peyisilipi yawo. Nthawi yomweyo anthu anayamba kundipeza kuti ndiwajambulire mapulani kunyumba. Ena anali anthu wamba omanga nyumba zawo, amene ankandipatsa ndalama yonse monga tapangana. Ena anali makampani, atatu onse pamodzi, ndipo iwowa ankadula kachigawo asanandilipire n'kundiuza kuti ndi withholding tax. Ndikamva zoti "msonkho tadula kale" mtima unkakhala m'malo. Ndinkati kumene adula kwatha, ndipo kumene sanadule boma silingadziwe.

Kalata inafika chaka chachinayi chitangoyamba. Inali ya bungwe lotolera misonkho, nambala yanga ya msonkho ili pamwamba, ndipo inkati pali zaka zitatu zimene sindinapereke fomu chonsecho makampani awiri analemba kuti anandilipira. Apa m'pamene ndinadziwira kuti kampani ikakudula msonkho imakapereka ndalamayo limodzi ndi dzina lako ndi nambala yako. Iwo amafuna kuti ndalama imene akulipirayo iwerengedwe pa zimene bizinesi yawo yawononga, ndiye sangakubise. Anandipatsa masiku 30 oti ndiyankhe.

Ndinaiwerenga chiimire, ndinaiwerenganso nditakhala pansi. M'mimba munatentha. Ndinaipinda kanayi n'kuilowetsa pansi pa mapepala akale m'dirowa ya tebulo langa lojambulira, ndipo inagona mmenemo miyezi isanu. Sikuti ndinaiiwala. Usiku ndikati nditseke maso inkabwera yokha, foni ikalira pa nambala yachilendo m'manja munkatuluka thukuta. Ndinkadzinamiza kuti ndiyambe ndasonkhanitsa kaye ndalama, chifukwa kupita kumeneko chimanjamanja n'kudzipereka wekha. Maganizo amenewo ndi amene anandidyera ndalama zambiri kuposa china chilichonse m'nkhani ino.

Anaipeza ndi mayi a kunyumba, akufunafuna satifiketi ya kubadwa ya mwana. Sanandiimbire foni. Anadikira ndiweruke, ana agone, kenako anaiika patebulo n'kuiwongola ndi chikhatho.

"Abambo, deti ili apali munaliona?"

"Ndinaliona. Ndikukonza."

"Mukukonza chiyani miyezi isanu? Mlandu suwola. Mawa mukafunse anthu odziwa."

Ndinakafunsadi, koma kwa munthu wolakwika. Mnzanga wa kuntchito anandilozera kwa mkulu wina amene ankati amathandiza za misonkho. Analibe ofesi, tinkakumana m'galimoto mwake. Anandiuza kuti nkhani yanga ndi yochepa, ndipo m'malo moti ndilipire boma lidzandibwezera ndalama, bola tilembe kuti ndinali ndi antchito awiri komanso ndinkalipira lendi ya ofesi. Wantchito ndinalibe ndi mmodzi yemwe, ofesi yanga inali pakona m'chipinda chochezera. Anapempha theka la malipiro ake patsogolo, gawo la ndalama zobwezedwazo zikadzabwera, ndi pasiwedi yanga yolowera pa intaneti ya msonkho. Ndalama ndinamupatsa. Pasiwedi sindinamupatse, osati chifukwa cha nzeru ayi, ndinali nditangoiiwala. Patatha milungu 6 foni yake inasiya kulowa, fomu osapereka ngakhale imodzi.

Lero ndimati kuthawa kwake kunandipulumutsa. Kumapeto kwa fomu ya msonkho kuli malo amene umavomereza kuti zonse zolembedwamo n'zoona, ndipo wovomerezayo ndiwe mwini, ngakhale wakudzazira ndi wina. Zabodza zikadzatulukira amene amamufuna ndi mwini fomu. Choncho wina akakulonjezani zobwezedwa asanaone n'komwe mapepala anu, kapena akati malipiro ake akula malinga ndi zimene boma libweze, mutsanzikeni. Ndipo pasiwedi yanu isapite kwa munthu.

Ulendo wachiwiri ndinapita kwa akauntanti weniweni, mayi wina wachikulire amene chiphaso cha ntchito yake chinali pakhoma. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma anangowerenga kalata ija mwakachetechete, n'kutenga pepala loyera n'kulembapo mizere itatu: ndalama zonse zimene zinalowa, ndalama zimene ndinawononga kuti ndipeze ndalamazo, ndi msonkho umene unadulidwa kale.

"Bambo, fomu imene ikukusowetsani tulo ija ndi zinthu zitatu izi basi. Koma chilichonse chibwere ndi pepala lake."

Pepala lakelo ndiye panagona nkhani. Buku lolembamo zolowa ndi zotuluka ndinalibe. Ndinakapempha masitetimenti a ku banki a zaka zitatu, ndi a ndalama za pafoni omwe, ndipo kumapeto kwa sabata katatu kotsatizana tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, iwo akuwerenga manambala ine ndikulemba. Si ndalama iliyonse yolowa mu akaunti imene ili yolipirapo msonkho. Mlamu wanga anandibwezera ngongole kawiri, ndipo ndinayenera kuzipatula n'kulemba pambali kuti zinali zachiyani. Zovuta zinali za anthu amene anandilipira pamanja. Chinandithandiza n'chizolowezi cha ntchito yathu: pakona ya pulani iliyonse timalemba deti ndi dzina la mwini nyumba. Ndinatsegula mapulani onse pa kompyuta imodzi ndi imodzi, n'kumakumbukira mtengo umene tinapangana. Mayesero osiya za pamanjazi analipo, sindikana. Mayi akauntanti aja anandifunsa funso limodzi: ngati a msonkho atafuna kuona mapulani onse amene munajambula, manambala anu agwirizana nawo? Ndinazilemba zonse.

Nditapita nazo monyadira anandibweza. Ndinali nditawonkhetsa kuyambira Januwale mpaka Disembala, pamene chaka cha msonkho chimene ndinkayenera kutsatira sichiyamba mu Januwale. Ichi muchifunse musanayambe masamu alionse, chifukwa dziko lililonse lili ndi kake. Ku United States chaka cha msonkho cha munthu wamba chimayenda ndi kalendala, fomu n'kufunika pofika pa 15 Epulo. Ku South Africa chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale, ku Australia pa 1 Julayi mpaka 30 Juni, ndipo ku Britain pa 6 Epulo mpaka 5 Epulo chaka chinacho. Ine kusafunsako kunandidyera sabata ina yathunthu yosanjanso manambala.

Funso limene linkandivuta kwambiri ndinalifunsa tsiku limenelo.

"Mayi, kuntchito ankandidula, kusukulu kuja ankandidula, makampani ankandidula. Nanga ngongoleyi ikuchokera kuti?"

Anajambula makwerero a masitepe atatu. Manambala amene anagwiritsa ntchito anali ongoyerekeza, koma ndi amene ananditsegula mutu. Tinene kuti 100 yoyamba imene munthu wapeza pamwezi ilibe msonkho, 300 yotsatira amadulapo 20 pa 100 iliyonse, ndipo yopitirira pamenepo amadula 30 pa 100 iliyonse. Ntchito yanga yamasana tinene kuti inkandipatsa 500, kutanthauza kuti inali itandikweza kale pa sitepe yapamwamba. Sukulu yamadzulo inkandipatsa 150, ndipo poti sinkadziwa za ntchito inayo, inkayambira pansi pa makwerero: 100 yaulere, 50 yotsalayo n'kudulapo 10. Koma boma limaphatikiza zonse zimene munthu mmodzi wapeza, ndipo gawo laulere lija limaperekedwa kamodzi. Ndiye 150 yonseyo inkayenera kukhala pa sitepe yapamwamba, msonkho wake 45. Mwezi uliwonse pankatsala 35 yosalipidwa, kwa miyezi 36, popanda wakuba aliyense.

Za makampani zinali chimodzimodzi. Ngati akudula 10 pa 100 pamene iwe uli pa sitepe ya 30, ndiye kuti 20 ikukudikira. Withholding tax pa ntchito ngati yangayi ndi kachiyambi chabe, zenizeni zimadziwika podzaza fomu. Pali mitundu ina ya ndalama imene malamulo a mayiko ena amati ikadulidwa poyambapo ndiye kuti zatha, choncho pa ndalama iliyonse imene akudulani funsani ngati kudulako kuli komaliza. Zimathekanso kuti anakudulani mopitirira, makamaka ngati chaka chimenecho munapeza zochepa, ndipo njira yoti ndalamayo ibwerere ndi fomu yomweyo. Makwerero omwewo anandichotsanso bodza lina limene ndinkakhulupirira, loti malipiro akakwera n'kulowa sitepe ina ndiye kuti ndalama yonse idulidwa kwambiri. Ayi, imene imadulidwa kwambiri ndi yokhayo yapitirira malire.

Pa mzere wachiwiri, wa zimene ndinawononga, ndinabwera ndi chiyembekezo chachikulu n'kubwerako nditafooka. Lamulo lake ndi losavuta kumva: chimachotsedwa n'chimene unawononga kuti upeze ndalama za ntchito yapaderayo. Mapepala, inki, laisensi ya pulogalamu yojambulira ndi maulendo okayeza malo omangapo zinalowa. Ulendo wa tsiku ndi tsiku wopita ku ntchito yolembedwa, zovala ndi fizi ya ana sizinalowe. Intaneti ndi foni tinatengapo gawo lokha, poti banja lonse linkagwiritsa ntchito. Laputopu ndinkaganiza kuti ichoka yonse chaka chimene ndinaigula, koma inayenera kugawidwa pa zaka zingapo chifukwa ndi chida chokhalitsa.

Malisiti ndinali nawo, m'envulopu yaikulu ya khaki, ndipo ndinaitsegula pamaso pa mayi aja ngati munthu wokonzeka. Timapepala tambiri tinatuluka toyera mbee. Malisiti a m'makina aja inki yake imazimiririka yokha pakapita nthawi, makamaka pamalo otentha. Ndinkatitembenuzira ku windo kuti mwina ndione kanambala, koma ayi ndithu. Zimene ndinalipira kudzera ku banki zinapulumuka chifukwa sitetimenti inachitira umboni. Za pamanja, pafupifupi theka la zonse, zinapita. Lisiti lijambuleni ndi foni tsiku lomwelo mwalilandira.

Chinandipweteka koposa ndi mzere wachitatu. Kuti msonkho umene kampani inakudula uwerengedwe ngati wako, pamafunika satifiketi imene kampaniyo imapereka yosonyeza ndalama imene inadula ndi nambala yako ya msonkho. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kuli pepala lotere. Kampani yoyamba inandipatsa pa milungu iwiri. Yachiwiri inandiyendetsa kanayi, miyezi iwiri, lero wosaina kulibe, mawa makina avuta. Yachitatu ndinapeza pakhomo pali loko ndi chikwangwani cha bizinesi ina. Imeneyi ndi imene sinatchulidwe m'kalata ija, ndipo pa nambala yanga sipankaoneka chilichonse chochokera kwa iwo. Anandidula ndithu pa ntchito zinayi, koma umboni woti ndalamayo inafika ku boma panalibe. Ntchitozo ndinazilemba pa fomu monga zinalili, ndipo msonkho wake ndinaulipira kachiwiri.

Kudzaza kwenikweniko, kumene ndinkakuthawa, kunatenga masana amodzi. Tinadzaza mafomu atatu pa intaneti kuyambira chaka chakale kwambiri, ndipo iliyonse ikapita tinkasunga uthenga wotsimikiza kuti yalandiridwa. Patapita masiku ochepa ndinakumbukira kuti ndinaiwala chiwongoladzanja chimene banki inandipatsa pa akaunti yosungira. Mtima unagundanso, koma mayi aja anangoti tidzaze fomu yokonza ya chaka chimenecho. Kulakwitsa pa fomu kuli ndi njira yake yokonzera, ndipo kawirikawiri wodzikonza yekha samutenga ngati amene achita kumugwira.

Chikalata cha ngongole chinabwera patatha mwezi ndi theka. Zonse pamodzi zinakwana malipiro anga a miyezi inayi. Msonkho weniweni unali wa miyezi iwiri ndi theka. Zotsalazo zinali chindapusa chochedwa kupereka fomu, chindapusa chochedwa kulipira, ndi chiwongoladzanja chimene chinkakula mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo miyezi isanu ya m'dirowa ija ndi milungu 6 ya mkulu wa m'galimoto. Ndinakhala nacho m'manja nthawi yaitali, chifukwa apa m'pamene ndinaona chimene palibe anandiuzapo: kusapereka fomu ndi mlandu wina, kusalipira ndi mlandu winanso. Ndinkazengereza fomu chifukwa ndinalibe ndalama, chonsecho fomu ikanatha kupita ndilibe kalikonse m'thumba, mlandu umodzi n'kuima pomwepo. Ku United States kusiyana kwake kumaoneka bwino: wochedwa kupereka fomu amamulipitsa 5 pa 100 iliyonse ya msonkho wosalipidwa mwezi uliwonse mpaka ifike 25, pamene wochedwa kulipira amamulipitsa theka la 1 pa 100 pamwezi. Kubisala n'kodula kakhumi kuposa kusowa ndalama. Kumeneko munthu atha kupempha nthawi yowonjezera yodzazira fomu mpaka pa 15 Okutobala, koma tsiku lolipirira silisuntha.

Ku ofesi ya msonkho ndinapita ndekha, miyendo ikulemera. Mnyamata amene anandithandiza anayang'ana pa kompyuta n'kundifunsa kuti, "Bambo, mungakwanitse zingati pamwezi osadumphitsa?" Ndinali nditakonzekera mafunso ena onse kupatula limenelo. Ndinalemba kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono, anandilola miyezi 10, koma anandiuziratu kuti chiwongoladzanja chipitirira kuwerengedwa pa zotsala, ndipo ndikadumphitsa mwezi pangano latha. Ndinalembanso ina yopempha kuti andichepetsere chindapusa. Mayi aja anandilangiza kuti ndisalembe zodandaula, ndilembe zimene zinachitika, madeti ake, ndi zimene ndakonza kale. Yankho linatenga miyezi itatu. Anachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chindapusa, chiwongoladzanja osachikhudza. Mukawonjezera malipiro a akauntanti ndi ndalama imene inapita ndi mkulu uja, chaka chimenecho tinasiya zonse zimene tinakonza zogula, ndipo ndalama imene tinkasungira maphunziro a mwana wamkulu tinaigwira.

Ndili mkati molipira zakale, mayi aja anandikumbutsa za chaka chimene tinalimo. Munthu amene amapeza ndalama zosadulidwa mokwanira, m'mayiko ambiri sadikira chaka chithe, amayerekeza zimene apeze n'kumapereka msonkho m'zigawo chaka chili mkati. Ku United States amapereka kanayi, ku South Africa kawiri. Ndikanapanda kuuzidwa ndikanatuluka m'dzenje lina n'kugwera m'linzake. Ku sukulu yamadzulo ndinakawauza kuti ndili ndi ntchito ina, ndipo anasintha kadulidwe kawo. Peyisilipi ya kumeneko inachepa, koma kumapeto kwa chaka sikunatsale ngongole.

Tsopano ndalama ya pulani ikalowa, gawo limodzi mwa magawo atatu limapita tsiku lomwelo ku akaunti ina imene khadi lake amasunga mayi a kunyumba. Mapepala a chaka chilichonse ali m'fayilo yakeyake, ndipo sinditaya msanga, poti a msonkho atha kufunsa za chaka chakale: ku South Africa lamulo limati usunge zaka 5, ku United States kawirikawiri zaka 3. Fomu ya chaka chatha ndinadzaza ndekha, mayi akauntanti aja anangoiona asanaitumize, ndipo inapita kutatsala milungu itatu. Kuchokera tsiku limene kalata inatuluka m'dirowa kufika tsiku lolipira gawo lomaliza panadutsa miyezi 17.

Mwezi watha kampani ina inandilipira n'kundiuza kuti satifiketi ya zimene adula anditumizira m'sabata. Ndinati ndidikira, n'kukhala pa benchi ya pakhomo pawo maola awiri. Itatuluka ndinaiwerenga ndisanaimirire, ndipo manambala awiri omaliza a nambala yanga ya msonkho anali atasinthana malo. Ndinagogodanso pa windo la akauntanti wawo.